Chithunzi Chimene Kamera Sidajambule

M'Chichewa mawu oti "kujambula" amagwira ntchito ziwiri. Munthu wonyamula kamera paukwati amajambula, nayenso mwana wogwira khala pakhoma la nyumba amajambula. Koma ngakhale mawuwo ali amodzi, ulemu umene timapereka kwa awiriwa ndi wosiyana. Chithunzi cha kamera timachitenga ngati umboni, pamene chojambula pamanja timachiyesa masewera. Ambirife makatuni tidawadziwira pa Pewani wa Brian Hara m'nyuzipepala ya Malawi News, kapena pa mphaka ndi khoswe othamangitsana pa kanema, zinthu zoseketsa ana ndi kupumitsa akulu. N'chifukwa chake munthu akamva kuti kuli akatswiri amene adatenga nkhani ya mwana wopulumuka m'manja mwa chipani cha Nazi n'kuiika m'makatuni, amayamba wanyinyirika, nafunsa ngati maliro ndi chinthu choseweretsa.

Ine ndikuona mosiyana. Pali zinthu zina zimene zidachitikira ana pamalo pomwe padalibe kamera, kapena pomwe kamera idali m'manja mwa wozunza. Pa zinthu zotere, zithunzi zoyenda zojambula pamanja zikhoza kunena zoona kuposa kamera, malinga wojambulayo adziwe malire ake. Ndiyamba ndi filimu imodzi ya kutali imene ndimaiona ngati chitsanzo chabwino, kenaka ndibwerere kuno kwathu kunyanja, kumene tili ndi mboni zotere zimene zikukalamba.

Filimuyo dzina lake ndi Silence, kutanthauza kukhala chete. Idatuluka mu 1998 ku Britain, ndipo adaikonza ndi amayi awiri, Orly Yadin ndi Sylvie Bringas. Ndi yaifupi kwambiri, ya mphindi 11 zokha. Imanena za Tana Ross, amene adabadwira ku Berlin mu 1940 m'banja la Chiyuda. Amayi ake adatengedwa kupita ku Auschwitz ndipo sadabwerenso. Mwanayo adakapezeka kumsasa wa Theresienstadt, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, kumene agogo ake aakazi adamubisa kufikira nkhondo itatha mu 1945. Atapulumuka adapita ku Sweden kwa achibale, ndipo kumeneko adalangizidwa kuti zakale aziiwale, asazitchule. Adakhaladi chete zaka zambirimbiri.

Okonza filimuyi adakumana ndi vuto limene aliyense wofuna kufotokoza ubwana wa munthu wotere amakumana nalo. Zithunzi za Tana ali mwana n'zowerengeka. Zithunzi zoyenda za Theresienstadt zilipo, koma adazijambulitsa ndi a Nazi eniake. Mu June 1944 nthumwi za Red Cross zidayendera msasawo eni ake atausesa ndi kuukongoletsa, atachotsamonso anthu ambiri powatumiza ku Auschwitz kuti pasaoneke kuthithikana. Pambuyo pake adakakamiza mkaidi wina, Kurt Gerron, amene adali katswiri wa zisudzo, kuti atsogolere ntchito yojambula filimu yoonetsa Ayuda akusewera mpira, akumvera nyimbo ndi kulima m'madimba. Chaka chomwecho Gerron adaphedwa ku Auschwitz. Choncho munthu wofuna kuonetsa moyo wa Tana pogwiritsa ntchito zimene kamera idasiya, akadakhala akubwereza bodza la anthu amene adapha amayi ake. Apa mpamene ulemu wathu pa kamera uyenera kuchepa. Kamera imajambula zimene mwini wake wailoza, ndipo m'masiku a nkhanza mwini kamera amakhala yemweyo wankhanzayo.

Yadin ndi Bringas adasankha kujambula pamanja, ndipo filimuyo adaigawa pawiri. Gawo la kumsasa, lomwe adajambula Ruth Lingford, ndi lakuda ndi loyera basi, la mizere yokhuthala yonga yosema pathabwa. Gawo la ku Sweden, la Tim Webb, ndi lamitundu yowala. Woonera wopupuluma akhoza kuganiza kuti tanthauzo lake n'lapafupi, kuti mdima ndi mavuto ndipo kuwala ndi chipulumutso. Koma ukaonetsetsa upeza kuti gawo lowalalo ndi limene limapweteka kwambiri. Mwana wasamba, wavala bwino, chakudya chili patebulo, koma zakumsasa zikumutsatira, mwakuti munthu wogwira ntchito panjanji ya ku Sweden amasanduka msilikali wa Nazi mwanayo akuona. Kamera singathe kujambula kusandulika koteroko, pakuti kudachitikira m'mutu mwa mwana. Wochita zisudzo akayesa kukuonetsa, timangoona mwana wa eni ake akuyerekeza mantha amene sadawamvepo. Cholembera chokha ndicho chimatha kusandutsa nkhope imodzi kukhala ina popanda kunamiza aliyense, chifukwa woonera akudziwa kale kuti akuona chojambula.

Chachiwiri chimene chimaimika filimuyi ndi mawu. Amene akulankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi Tana Ross mwini wake, ali munthu wamkulu. Zithunzi ndi za ojambula, koma umboni ndi wake. Ndipo filimuyi siimutenga ngati chinthu chongomvetsa chisoni. Imafika mpaka pa makalata amene amayi ake adalembera achibale a ku Sweden kupempha thandizo asadatengedwe, makalata amene iye adawaona atakula. Pamenepo mpamene timazindikira kuti lamulo lija loti akhale chete silidali loteteza mwana yekha ayi, lidalinso lotchinjiriza manyazi a akuluakulu. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona luso lenileni la filimuyi. Nkhanza za a Nazi aliyense amazidzudzula mosavuta. Chovuta n'kuonetsa kuti anthu abwino, achibale okonda mwana, nawonso akhoza kumutsekera pakamwa.

Tisaiwalenso kuti ana a ku Theresienstadt ankajambula okha. Mayi wina wotchedwa Friedl Dicker-Brandeis, mkaidi mnzawo, ankawaphunzitsa kujambula pa timapepala tilitonse topezeka. Asadatengedwe kupita ku Auschwitz, kumene adaphedwa mu 1944, zithunzi za anawo zidasungidwa m'masutikesi, ndipo zoposa 4,000 zidapulumuka. Lero zili ku Jewish Museum ku Prague. Ambiri mwa ana ojambulawo sadapulumuke. Tsono amene amati kujambula pamanja n'kupeputsa nkhani ya anawa ayenera kukumbukira kuti umboni umene anawo adatisiyira ndi wojambula pamanja.

Izi sizitanthauza kuti filimu iliyonse yotere ndi yabwino. Mu 2018 kampani ya HBO idatulutsa The Number on Great-Grandpa's Arm, momwe kamnyamata kakucheza ndi agogo a makolo ake, Jack Feldman, za nambala imene adawadinda pamkono ku Auschwitz. Wojambula wake, Jeff Scher, adatsata zithunzi zakale za kamera n'kumazijambulanso ndi utoto wamadzi. Ntchitoyo ndi yaluso ndipo cholinga chake, chofotokozera ana aang'ono popanda kuwaopseza, n'chomveka. Komabe ine imandisiya ndi nkhawa ziwiri. Yoyamba ndi yakuti utoto wokongola umafewetsa chinthu chimene sichiyenera kufewa, mwakuti diso limayamba kusirira m'malo moti mtima unjenjemere. Yachiwiri ndi yakuti wojambula akatsata chithunzi cha kamera, amaimanso pamene mwini kamera adaima, ndipo timabwerera kuona anthuwo chakunja, pamene mphamvu ya kujambula pamanja ili pa kutilowetsa m'maso mwa mwana.

Akatswiri ena adapeza njira zawo zosungira malire amenewa. Rithy Panh wa ku Cambodia, amene achibale ake ambiri adafa mu ulamuliro wa Khmer Rouge pakati pa 1975 ndi 1979 iye ali mnyamata, adakonza The Missing Picture mu 2013 pogwiritsa ntchito tizidole tadothi tosayenda, n'kumatiika pafupi ndi mafilimu okopa anthu amene boma lija lidajambula. Tizidoleto sitinamizira kukhala anthu, ndipo m'kusayenda kwake muli ulemu wa pamaliro. Ari Folman wa ku Israel, mu Waltz with Bashir ya mu 2008, adajambula pamanja zonse zimene iye ndi asilikali anzake ankakumbukira za nkhondo ya ku Lebanon ya 1982, koma pamapeto penipeni adaika zithunzi za kamera za anthu ophedwa ku Sabra ndi Shatila, kuti woonera asatuluke akuganiza kuti zidali nthano.

Tsopano tibwerere kwathu, koma mosamala. Kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni, mwadongosolo la boma lofuna kufafaniza mtundu wonse, sikufanana ndi chilichonse chimene chidachitika m'Malawi, ndipo wofananiza ziwirizi amalakwira akufa a mbali zonse. Chimene tikubwereka kwa anzathuwa ndi njira yokha, njira yofotokozera zimene mwana adaona pamene padalibe wojambula.

Ukaima pamchenga wa ku Nkopola m'mawa, dzuwa limatulukira kumapiri a kutsidya, kumene kuli Malindi, kwawo kwa Henry Masauko Chipembere. Ife ogwira ntchito m'boma malo ano timawadziwira misonkhano, ndipo alendo amawadziwira chambo ndi mabwato. Zithunzi za gombe lino zilipo zosawerengeka. Koma dera lomweli mu February 1965 lidaona zina. Pambuyo pa mkangano wa nduna ndi Dr Banda wa mu 1964, Chipembere ndi omutsatira adalanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, nauyamba ulendo wa ku Zomba, koma adakakanika pa Liwonde chifukwa pantoni yowolokera Shire idali kutsidya. Chipembere adatuluka m'dziko chaka chomwecho ndipo adamwalira ku America mu 1975. Medson Silombela, amene adapitiriza nkhondoyo m'tchire, adagwidwa n'kunyongedwa ku Zomba mu 1966 anthu akuonerera. Mbiri yolembedwa imakonda kuthera pamenepa, pa mayina a atsogoleri. Koma mkwiyo wa boma udagwera midzi. Nyumba zidatenthedwa, anthu adamangidwa powaganizira kuti ankadyetsa zigawenga, ndipo anthu a m'mudzi wa Moto, akulu ndi ana omwe, adatengedwa n'kukatsekeredwa ku Dzaleka, malo amene kuyambira mu 1994 adasanduka msasa wa anthu othawa kwawo.

Palinso ana a Mboni za Yehova, chipembedzo chimene boma lidaletsa mu 1967 kufikira 1993 chifukwa anthu ake ankakana kugula makadi a chipani. Mu 1972 mabanja zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mlangeni m'dziko la Mozambique, ndipo ambiri atabwezedwa kuno mu 1975 adakathera m'ndende. Ana adayenda maulendo onsewa ali kumsana kapena atagwira nsalu ya amayi awo.

Nanga zithunzi za zaka zimenezo zili kuti? Wailesi yakanema idafika m'Malawi mu 1999. Isadafike, zithunzi zoyenda zambiri za dziko lino zinkajambulidwa ndi nthambi ya boma yofalitsa nkhani, ndipo lamulo la 1968 lidapatsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu mphamvu yoletsa chilichonse chosakomera olamulira. Zimene zidatsala ndi za Ngwazi ikuyendera mbewu m'minda, mbumba zikuvina, achinyamata a Payoniya akuguba. Ife obadwa cha m'ma 1980 tidaonako kumapeto kwake, tikundandalikidwa m'mbali mwa msewu ndi aphunzitsi athu kuti tiwombe m'manja. Munthu atati akonze filimu ya Mangochi wa 1965 ndi zimene kamera idasiya, adzatuluka ndi filimu ya magule. Ngakhale zikumbutso za pa boma la Mangochi zimanena za ena. Pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pali mfuti ya sitima ya Guendolen imene idaombera sitima ya Ajeremani mu 1914, pali chikwangwani cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mwa zitatuzi palibe chonena za mwana amene adaona nkhokwe ya kwawo ikuyaka.

Mabuku tili nawo, ndipo ndi amtengo wapatali. Sam Mpasu adalemba Political Prisoner 3/75, Vera Chirwa adalemba Fearless Fighter, ndipo Jack Mapanje, mwana wa ku Kadango konkuno ku Mangochi, amene adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, adalemba And Crocodiles Are Hungry at Night. Koma onsewa adamangidwa ali akuluakulu, anthu ophunzira odziwa chimene chikuwachitikira, ndipo adalemba m'Chingerezi. Mwana wa msodzi amene adakwezedwa pa lole usiku sadadziwe za mkangano wa nduna. Iye amakumbukira fungo la dizilo, kukula kwa nsapato za msilikali, mbuzi imene idatsala pachingwe, ndi nkhope ya amayi ake amene sadalire. Zinthu zotere khoti silingazilandire, ndipo bungwe lopepesa anthu ozunzidwa limene malamulo a 1994 adakhazikitsa linkafuna masiku, mayina ndi katundu wotayika. Koma ndi zimenezi zimene wojambula pamanja amazifuna.

Wina anganene kuti bwanji osangochita sewero, popeza Charles Shemu Joyah adatisonyeza mu The Last Fishing Boat ya mu 2012 kuti nkhani za kunyanja zimatheka pa kanema ndi ochita zisudzo athu omwe. Sewero lili ndi malo ake, koma pa umboni wa munthu wamoyo lili ndi zovuta. Limafuna kumanga mudzi n'kuutentha, kuveka anyamata mayunifomu, ndi kuliritsa ana a lero kuti tione misozi ya ana a kale. Choipa kwambiri, limapatsa wozunza nkhope ya munthu weniweni, ndipo woonera amayamba kufunsa kuti akufanana ndi yani. Kwathu kuno funso limeneli ndi loopsa, pakuti amene adaloza chala ndi amene adalozedwa nthawi zambiri adali a mudzi umodzi, ndipo adzukulu awo lero amatunga madzi pa mjigo umodzi, ena adakwatirana. Filimu ya Flee ya mu 2021, ya Jonas Poher Rasmussen wa ku Denmark, idaonetsa kuti kujambula pamanja kumatha kubisa nkhope ndi dzina la mboni, munthu wothawa ku Afghanistan ali mwana, koma mawu ake enieni n'kumamveka. Chitetezo chotere chikhoza kumasula pakamwa pa agogo amene akhala chete zaka zonsezi.

Ngati achinyamata athu odziwa kujambula pa kompyuta angaiyambe ntchitoyi, pali zinthu zimene ndikuona kuti sayenera kuziphonya. Mawu akhale a mwini nkhani, m'chilankhulo chimene adalirira, chikhale Chiyao kapena Chinyanja cha kunyanja, ndipo Chichewa cha m'mabuku ndi Chingerezi zibwere m'malemba a pansi. Wojambula asaonjezere chimene mboni sidanene. Ngati agogo sakumbukira nkhope ya munthu amene adagogoda pakhomo, nkhopeyo ikhale yopanda maso ndi mphuno, pakuti kuiwalako nakonso ndi mbali ya umboni. Nyanja isakongoletsedwe ngati pa kalendala ya hotela. Masiku, malo ndi mayina a atsogoleri zitsimikizidwe ndi akatswiri a mbiri yakale ndi zolembedwa za ku National Archives ku Zomba, kuti zokumbukira za mwana zikhale ndi mzati wotsamira. Ndipo filimuyo ikatha, oyamba kuionera akhale eni ake m'mudzi, asadaione a ku Blantyre kapena a kunja.

Ndikudziwa kuti pali odandaula kuti mwana amasokoneza zinthu, amaphatikiza zimene adaona ndi zimene adamva akulu akunong'onezana. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake njirayi ndi yoyenera. Chithunzi cha kamera chimadzitcha chenicheni, pamene chojambula pamanja chimavomera poyera kuti chikuonetsa zinthu monga momwe munthu wina akuzikumbukira. Palinso odandaula kuti zakale zisiyidwe, tisatokose chilonda. Awa ndi mawu omwe aja amene Tana Ross adauzidwa ku Sweden, ndipo filimu yake ikusonyeza kuti chilonda chokutidwa ndi nsalu sichipola. Palibe woyenera kukakamizidwa kulankhula, koma amene akufuna kutero apeze womumvetsera.

Mbali ya ife alembi pa ntchitoyi ndi yaikulu kuposa momwe tingaganizire. Filimu ya mphindi 11 ija idayamba ndi mawu, ndipo kusankha kuti mwa zaka zonse za munthu ndi ziti zilowe m'mphindi zochepa ndi luso la mlembi. Ndife amene tingakhale pamphasa ndi agogo, kumvetsera osawadula mawu, kulemba monga momwe alankhulira, ndi kusunga mawuwo ngakhale pa foni wamba kufikira wojambula atapezeka. Akulu adati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga. Mwana amene adali ndi zaka 8 mu 1965 tsopano akuyandikira zaka 70. Zithunzi tikhoza kujambula chaka chilichonse tikapeza ndalama, koma mawu a mboni tiyenera kuwatenga eni ake akadali nafe.